CHIKWANGWANI CHA PA KAPOKA: PEPALA NDI MALONDA A ANTHU M'MBIRI YA KU MISUKU

Pa tchuthi chapitachi, ndili pa ulendo wopita kwathu ku Misuku, ndinakhala maola atatu pa Kapoka kudikira galimoto yokwera kumapiri. Amene munayendako mseu wa Karonga kupita ku Chitipa mukudziŵa kuti pa Kapoka ndi pamene munthu wa ku Misuku amapatuka pa mseu waukulu. Pakhoma la golosale ina panali chikwangwani chimene dzuŵa ndi mvula zinali zitachifwifwitsa kale. Chinali ndi chithunzi cha manja omangidwa unyolo, mau akuluakulu a Chingerezi pamwamba, ndi mzere umodzi wa Chicheŵa m'munsi wochenjeza za mchitidwe wozembetsa anthu. Mai ena achikulire amene anakhala pafupi nane anandifunsa m'Chisukwa ngati pepalalo likunena za makuponi a feteleza. Nditawafotokozera anagwira pakamwa, nati iwo akhala pansi pa pepala lomwelo kangapo konse, koma palibe anawauzapo kuti likukamba za adzukulu ao.

Funso la maiwa ndilo labala nkhani ino. Ndifuna tione pamodzi, anzanga ndi aphunzitsi athu, mbiri ya zinthu ziŵiri zimene zayendera limodzi kumpoto kwa dziko lino kwa zaka pafupifupi 140: kutengedwa kwa anthu, ndi pepala limene olamula akhala akulemba pa za kutengedwako. Maiko ena lero ali ndi malamulo okakamiza eni malo ena kupachika chidziŵitso chochenjeza anthu za ozembetsa. Tisanaombere m'manja malamulo otere, kapena kuwaseka, ndi bwino tiyambe tafunsa kuti pepala latichitira chiyani ife m'mbuyomu.

Nthaŵi ya Mlozi

M'chaka cha 1881 injiniya James Stewart anayamba kulambula mseu wochokera ku Karonga umene cholinga chake chinali kulumikiza Nyanja ya Malaŵi ndi Nyanja ya Tanganyika. Ndalama zake anapereka ndi James Stevenson wa ku Glasgow, n'chifukwa chake mseuwo unatchedwa Stevenson Road. Azungu a mishoni ya Livingstonia ndi a kampani ya African Lakes ankakhulupirira kuti malonda a nsalu ndi minyanga akayenda pa mseu wabwino, malonda a akapolo adzafa okha. Mu 1882 anatsegula kamishoni kwa Mwiniwanda, m'dera limene lero ndi boma la Chitipa. Koma mseu susankha woyendapo. Cha m'ma 1886 Mlozi ndi anzake, Kopakopa ndi Msalemu, anamanga malinga ao kufupi ndi Mpata, m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru, pamalo pamene ankatha kuona aliyense wodutsa pa mseu womwewo.

Mu 1887 Mlozi anadzitcha mfumu ya dziko la Ankhonde, ndipo m'chaka chomwecho anthu ake anatentha bango la m'dambo la Kambwe mmene Ankhonde ambiri anabisala. Othaŵa moto anakumana ndi mfuti, ena anagwidwa ndi ng'ona, ndipo otsala anatengedwa ukapolo. Ogwidwa ankaolotsedwa nyanja n'kuyendetsedwa mtunda wautali kufikira ku gombe la Kilwa. Nkhondo ya Mlozi ndi a African Lakes inatenga zaka. Frederick Lugard, amene pambuyo pake anadzalamula Nigeria, anavulazidwa pomwepo mu 1888. Amene afuna kuzama pa za Ankhonde a nthaŵi imeneyo aŵerenge buku la Owen Kalinga la mbiri ya ufumu wa Ngonde, limene linatuluka mu 1985.

Misuku ili pamwamba, kumadzulo kwa chigwa chimene zonsezi zinkachitika. Akuluakulu a kwathu amasimba kuti mbiri ya zoopsa inkakwera mapiri ndi miyendo ya anthu: wothaŵa nkhondo ankafika kwa mfumu, mfumu inkatuma anyamata, ng'oma inkalira, ndipo amai ndi ana ankaloŵa m'nkhalango zoŵirira ngati Mughese, Wilindi ndi Matipa. Ichi ndicho chinali chidziŵitso chathu choyamba, ndipo chinali ndi zinthu zitatu zimene ndikupempha muzisunge m'mutu. Chinkabwera m'chinenero cha wochimva. Chinkachokera pakamwa pa munthu wodziŵika. Chinkanena chochita, ndiko kuti thaŵirani uko.

Pepala lifika

Pepala limodzi pa nkhani ya Mlozi linali pangano la mtendere limene Harry Johnston anasainirana naye mu October 1889. Chaka chotsatira, pa 2 July 1890, maiko a ku Ulaya ndi ena anasaina pangano lalikulu ku Brussels lothetsa malonda a akapolo mu Afirika. Panganolo linanena za kumanga malinga a asilikali, kulambula miseu, kuchepetsa malonda a mfuti ndi onga, ndiponso kupereka makalata a ufulu kwa akapolo omasulidwa. Mu 1891 dziko lino linakhala pansi pa chitetezo cha Britain. Komabe mapepala onseŵa ali m'mabokosi a ku Zomba ndi ku London, Mlozi anapitiriza ntchito yake kwa zaka zina zinai. Anagonja pokhapokha Johnston atabwera ndi asilikali ndi mizinga mu December 1895. Mlozi anapachikidwa, ndipo akapolo oposa 500 anapezeka m'linga lake.

Phunziro loyamba ndi limeneli: pangano la ku Brussels linali ndi mau abwino, koma mai wa ku Mpata sanalione, ndipo akadaliona sakadaliŵerenga. Linalembedwa ndi olamula, kulembera olamula anzao.

Boma limene linathetsa Mlozi linabwera ndi pepala lake lina, chiphaso cha msonkho wa nyumba. Msonkhowo unkafuna ndalama, ndipo kumpoto ntchito ya ndalama inali yosoŵa, mwakuti atsamunda eni ake ankatcha chigawo chathu kuti kumpoto kwakufa. Pa Fort Hill, pamene lero timati Chitipa, khoma la boma linayamba kukhala ndi zidziŵitso, koma zinali za msonkho, za zitupa ndi za zilango. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene inafika pa Karonga penipeni mu September 1914, amuna ambirimbiri anatengedwa kukhala amtengatenga, ndipo ambiri sanabwerere. Nkhondo itatha, anyamata a ku Misuku ndi madera oyandikana nao anaoloka Songwe kupita ku migodi ya golide ya ku Lupa ndi ku minda ya khonje ya ku Tanganyika. Ena analoŵera ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, ena ku Southern Rhodesia, ena ku Joni. Komiti ya boma yotsogozedwa ndi Travers Lacey inaŵerengera mu 1935 kuti amuna pafupifupi 120,000 a m'Nyasaland anali kunja kwa dziko, ndipo inadandaula za midzi yotsala ndi amai, ana ndi nkhalamba zokha. Amene sanabwererenso tinawapatsa dzina loti machona.

Chala pa kontrakiti

Ndisanamizire mbiri: ulendo wa ku migodi sunali ukapolo wa Mlozi. Munthu ankapita yekha, ankalandira malipiro, ndipo ambiri anabwera ndi njinga, makina osokera ndi ndalama zogulira ng'ombe. Koma tiyenera kuona mmene pepala linkagwirira ntchito. Bungwe la Wenela, lolembera anthu migodi ya golide ya ku South Africa, linaletsedwa mu 1913 kulemba anthu a m'maiko otentha a kumpoto kuno chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo m'migodimo. M'zaka za m'ma 1930 chiletsocho chinachotsedwa, ndipo Wenela inabwerera, kufikira inakhala ndi malo ake pa Fort Hill. Bungwe lina, limene anthu ankalitcha Mthandizi, linkalembera anthu minda ndi migodi ya ku Southern Rhodesia. Mnyamata wosadziŵa kuŵerenga ankadinda chala pa kontrakiti ya Chingerezi, atamva zimene womasulira wasankha kumuuza. Za fumbi la m'mgodi limene limaumitsa mapapo, palibe chikwangwani chinamuchenjeza pa depoti.

Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalaŵi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalaŵi 74 amene anali pa ulendo wobwerera kwao. Dr Banda anaimitsa kulemba anthu nthaŵi yomweyo. Ntchitoyo inayambanso mu 1977 pa chiŵerengero chochepa, ndipo inatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a anthu athu kuti aone ngati ali ndi kachirombo ka HIV. Khomo la boma linatsekeka, koma umphaŵi umene unkatumiza anthu ku Joni sunatsekeke nalo. Anthu anapitiriza kupita, tsopano kudzera mwa eni magalimoto ndi anthu olonjeza ntchito, amene alibe ofesi, alibe kaundula, ndipo sayankha kwa wina aliyense. Wozembetsa wa lero anapeza njira italambulidwa kale ndi mibadwo itatu ya apaulendo.

Nkhani ya chinenero

Pali chaka china chimene sitingachilumphe. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chicheŵa ndipo chikhale chinenero cha fuko pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'nyuzi za boma, ndipo chinadzabwerera pa wailesi ulamuliro utasintha mu 1994. Ngati Chitumbuka, cholankhulidwa ndi anthu ochuluka chotero, chinaikidwa pambali, nanga zinenero za ku Chitipa? Boma lathu lili ndi zinenero zoposa khumi: Chisukwa, Chindali, Chilambya, Chinyiha, Chinyika, Chiwandya, Chinamwanga, Chimambwe ndi zina. Mwana wa ku Misuku amayamwa Chisukwa kapena Chindali, amamva Chitumbuka ndi Chinkhonde kwa anansi ndi ku tchalitchi, amaphunzira Chicheŵa ndi Chingerezi ku sukulu, ndipo akaoloka Songwe kupita ku Ileje amagula ndi kugulitsa m'Chiswahili. Ine ndemwe ndikulemba nkhani ino m'chinenero chimene agogo anga aakazi amachimva mwapatalipatali. Chikwangwani cha pa Kapoka ndi mdzukulu wa chigamulo cha 1968.

Masiku ano

Mseu wa kumpoto ukadali njira ya anthu otengedwa. Mu June 2012 bwato linamira pa nyanja kufupi ndi Karonga, ndipo mitembo yoposa 40 ya anthu a ku Ethiopia inavuulidwa. Mu October 2022 apolisi anafukula mitembo 30 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, ya anthu amene ankaganiziridwa kuti anali a ku Ethiopia komweko, opita ku South Africa. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amai a Chimalaŵi amene analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman, koma atafika analandidwa mapasipoti n'kumagwiritsidwa ntchito za m'nyumba usana ndi usiku, ena akumenyedwa.

Apa tisiyanitse zinthu ziŵiri zimene Chicheŵa chathu chimaziphatikiza m'mau amodzi oti kuzembetsa. Pali woolotsa munthu malire mobisa atalipidwa, ndipo akafika tsidya amasiyana. Palinso wotenga munthu mwa bodza, mwa kuopseza kapena mwa mphamvu, ndi cholinga chokamudyera masuku pamutu. Pangano la United Nations losainidwa ku Palermo m'chaka cha 2000, limene Malaŵi inaloŵamo mu 2005, limanena za mtundu wachiŵiriwu. Limati mlanduwu uli ndi miyendo itatu: kutenga, kunyamula kapena kusunga munthu, njira yachinyengo kapena yokakamiza, ndi cholinga chomudyera masuku pamutu. Akakhala mwana wosakwana zaka 18, mwendo wachiŵiri sufunikanso, ndipo ngakhale mwanayo kapena makolo ake atavomera, mlandu ulipo ndithu. Sipafunikanso kuti munthu aoloke malire. Mwana wochotsedwa ku Misuku kukaŵeta ng'ombe kapena kukathyola fodya ku boma lina popanda malipiro ali m'gulu lomweli.

Ndikunena izi ndi mtima woŵaŵa, pakuti zinagwa m'banja mwathu. Msuweni wanga, ali ndi zaka 14, anatengedwa ndi mai ena amene tonse tinkawatcha azakhali, ngakhale ubale wake unali wa patali. Anauza amalume kuti mwanayo akathandiza pa nyumba ya anthu olemera tsidya la Songwe, ndipo akamulipirira sukulu. Amalume anapha nkhuku kuthokoza. Mwana uja sanaonepo khomo la kalasi. Ankadzuka tambala woyamba, ankagona m'khitchini, ndipo malipiro ake ankalandira ndi azakhali aja, amene ankati akubweza ndalama za ulendo. Anabwera patapita zaka ziŵiri, atathandizidwa ndi mai wina wogulitsa nthochi amene anamva kalankhulidwe kake pa msika n'kuzindikira kuti ndi mwana wa kwao. Amalume mpaka lero sakhulupirira kuti chimene chinachitikacho chili ndi dzina m'malamulo. Iwo amati linali tsoka chabe.

Dzina lilipo. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lapadera, Trafficking in Persons Act, limene limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende kwa wozembetsa munthu wamkulu, zaka 21 kwa wozembetsa mwana, ndipo pa milandu yoipitsitsa, moyo wonse. Lamulolo linakhazikitsanso komiti ya dziko lonse yoyendetsa ntchitoyi ndi thumba la ndalama zothandizira opulumutsidwa. Ndi lamulo la mano. Koma monga pangano la ku Brussels, silinakwerebe mapiri kufika pa khonde la amalume anga. Zikwangwani zimene ine ndaziona kwathu zimabwera ndi nyengo, makamaka pafupi ndi 30 July, tsiku limene dziko lapansi limakumbukira za mchitidwewu, kenaka zimafwifwa pakhoma mpaka chaka china.

Lamulo la chidziŵitso

Tsono tione zimene ena anachita. Mu 2012 dera la California ku America linakhazikitsa lamulo lakuti eni malo ena azipachika chidziŵitso cha za kuzembetsa anthu pamalo oonekera, pafupi ndi khomo. Malo ake ndi monga mabwalo a ndege, masiteshoni a mabasi ndi sitima, malo oimapo malole, malo ena omwera moŵa, zipinda za odwala mwadzidzidzi m'zipatala, ndi maofesi olembera anthu ntchito. Pambuyo pake anaonjezerapo mahotela. Lamulolo limanena kukula kwa pepala ndi kwa zilembo, limalamula kuti pakhale nambala ya foni yaulere, ndipo wosapachika amalipira chindapusa. Chimene chinandikhudza ine koposa ndi ichi: chidziŵitsocho chiyenera kukhala m'Chingerezi, m'Chisipanishi, ndi m'chinenero china cholankhulidwa kwambiri m'dera limenelo. Madera ena ambiri a ku America ali ndi malamulo ofanana nalo.

Nzeru ya lamulo lotere ndi yakuti chenjezo silidikira chifundo cha bungwe kapena tsiku la chikumbutso. Limakhala udindo wa mwini malo, monga mmene laisensi ya golosale imakhalira pakhoma chaka chonse. Ndipo limaikidwa pa njira imene wotengedwayo adzadutsa, pakuti munthu wozembetsedwa amakwera basi, amagona pa resitihausi, amadwala n'kupita ku chipatala.

Ndikudziŵa zimene ena a inu munene, ndipo zina mwa izo n'zoona. Mudzati pepala silidyetsa munthu, ndipo amalume anapereka mwana chifukwa cha umphaŵi, osati chifukwa chosoŵa chikwangwani. Mudzati ambiri a m'midzi saŵerenga, ndipo m'zigwa zina za ku Misuku foni siigwira. Mudzati wozembetsa wa kwathu si mlendo, ndi azakhali, ndipo palibe amaimbira apolisi za azakhali ake. Ndikuvomera kuti chidziŵitso sichingathetse umphaŵi. Koma amalume sanagulitse mwana. Ananamizidwa, ndipo bodza limafooka pamene anthu adziŵa kale maonekedwe ake. Paja akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Mbiri imene tayendamoyi ikutiuza mtundu wa chidziŵitso chimene chingagwire ntchito kwathu, ndipo ndi chija cha ng'oma, cha zinthu zitatu. Choyamba, chikhale m'chinenero cha wochimva. Ku Misuku chikhale m'Chisukwa ndi m'Chindali, pa zipata za Songwe ndi Mbilima chikhalenso m'Chiswahili, ndipo pa njira imene anthu a ku Ethiopia amadutsa, bwanji osaonjezera Chiamhariki? Chachiŵiri, chidutse pakamwa pa munthu wodziŵika. Pepala lipachikidwe pa depoti, pa chigayo, pa sukulu, pa chipatala ndi pamalo opukusira khofi, koma liziŵerengedwanso mokweza pa bwalo la mfumu, ku tchalitchi ndi pa mawailesi a m'madera, kuti mai wosadziŵa zilembo alimve. Chachitatu, chinene chochita: nambala yaulere monga 116 yothandiza ana, ndi malo apafupi amene munthu angakanene popanda foni.

Ndionjezere chachinai. Tichotse chithunzi cha unyolo. Unyolo unali wa Mlozi, ndipo unatha mu 1895. Wozembetsa wa lero amabwera ndi shuga ndi chitenje cha mphatso, ndipo kholo loona unyolo pa chikwangwani limati izi sizikundikhudza. Chidziŵitso chinene zizindikiro zenizeni m'mau apafupi: ngati akukana kukuuzani dzina la mudzi ndi nyumba kumene mwana akupita; ngati akuti malipiro azilandira ndi wina; ngati akuti ndalama za ulendo ndi ngongole yodzabweza ndi ntchito; ngati akusunga chitupa kapena pasipoti ya munthu; ngati salola kuti mulankhule ndi mwana wanu. Amalume akadamva mndandanda umenewu m'Chisukwa, akadapeza zizindikiro zitatu mwa zisanu nkhuku ija isanaphedwe.

Kukhazikitsa lamulo lotere ndi ntchito ya aphungu, ndipo makhonsolo a maboma angathenso kuika lamulo laling'ono lomangirira chidziŵitso ku laisensi ya resitihausi, bala ndi malo okwerera magalimoto. Koma kumasulira ndi ntchito imene ife tingayambe osadikira munthu. Pa sukulu ino pali ophunzira ochokera ku Misuku, ku Kameme, ku Nthalire ndi ku Wenya, aliyense ndi chinenero cha kwao. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, imene inaloŵa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 ndi udindo wosamala zinenero zonse za dziko lino. Tili ndi anzathu ophunzira malamulo amene angatsimikize kuti mau athu sakupotoza lamulo la 2015. Mutu umodzi susenza denga.

Ine ndayamba kale ndi zizindikiro zisanu zija m'Chisukwa, ndipo ndagwa m'vuto pa mzere woyamba penipeni, pakuti mau amene ndinasankha otanthauza kuzembetsa munthu, agogo anga anati kwao amatanthauza kuba mkazi wokwatira. Amene mumalankhula Chindali ndi Chilambya, bwerani ndi mapensulo pa msonkhano wathu wotsatira kuti tithandizane. Pa tchuthi chikudzachi ndidzadutsanso pa Kapoka, ndipo ndikufuna kuti mai aja akadzafunsa, pepala lidzawayankhe lokha, kapena mwana wa sitandade 5 wokhala pafupi nao adzathe kuwaŵerengera.